Mchere wa M'botolo la Chitsime

Ndinabadwira ku komboni ya mgodi wa asibesitosi, kufupi ndi Makwasha, kuno kudziko la Ashona. Bambo anga anabwera wapansi kuchokera ku Mangochi. Sukulu ndinalekera giredi seveni. Ntchito yanga yoyamba inali ya malaisha, kutapa miyala ndi fosholo pansi pa mgodi. Kenako ndinasamukira ku Lalapanzi, ku mgodi wa kromu, komwe ndinakhala zaka zambiri ndikunyamula masampulo. Kapitawo ankaloza khoma, ine n'kugumula mwala, kuuika m'thumba, kumanga, kupita nawo kokayeza. Sampulo ndi chimenecho.

Pa ntchito imeneyo tonse tinkadziwa chinthu chimodzi. Ukafuna kuti malo aoneke olemera, suponya m'thumba mwala uliwonse. Umasankha wakuda wolemera, wa mampara n'kuutaya. Mampara ndi mwala wachabe. Munthu wopusa ankamutchulanso choncho. Ena ankafika potenga mwala wa kwina n'kuwonjezera m'thumba. Akuluakulu ankati kumeneko n'kuthira mchere. Ankaletsa, koma shafuti, dzenje lathu la mgodi, ikafuna kutsekedwa ankayang'ana kumbali. Ine ndinathirapo kangapo, shafuti n'kukhala chaka china, ana athu n'kudya. Sindinkaliwerenga ngati bodza. Ndinkati n'kuthandiza mwala kulankhula.

Ndili ndi mwana mmodzi, wamkazi. Mayi ake anamwalira iye ali fomu thuu. Anakwatiwa ndi Mshona wa konkuno, mmodzi wa makorokoza, anthu okumba okha m'maenje osiyidwa. Anamanga nyumba kumunsi kwa ng'anjo ina yaing'ono yosungunula kromu. Kuseri kwa ng'anjoyo kuli phiri la phulusa ndi miyala yopsa. Madzi otsika phirilo amalowa m'ngalande. Chitsime chimene mwana wanga ankatungako chinali pafupi ndi ngalandeyo, poti munthu utaponya mwala ufika.

Mwana wake woyamba anabadwa wakufa. Wachiwiri anakhala masiku awiri. Ndinamuona. Msana wake unali wotsegula. Akuchimuna anakana kumugwira, ndiye tinamusambitsa ine ndi shehe wa mzikiti wathu. Nsalu imene tinamukulungira inali yochepa kuposa thaulo.

Apongozi ake aakazi anati magazi athu ndi oipa. Anati ife Mabhurandaya, mmene amatitchulira a ku Malawi akafuna kutinyoza, tinabwera ndi ziwanda m'masutikesi, ndipo cha mwana wanga chikudya ana m'mimba. Mwamuna wake anayamba kumumenya. Poyamba ndi dzanja. Kenako lamba. Kenako mbali ya chikwanje, pakuti makorokoza sayenda opanda chikwanje.

Tsiku lina m'mawa anafika pakhomo panga diso limodzi litatsekeka, dzino lakutsogolo palibe. Anali ndi mimba yachitatu, ya miyezi iwiri. Ndinamupatsa madzi amchere achukuche m'kamwa. Ine ndinavala nsapato n'kupita kwa mwamuna wake.

Ndinamupeza akunola chikwanje pa mwala. Sanadzuke.

"Akamwini, mwana wanga walakwa chiyani?"

"Baba, ine ndinakwatira kuti ndione ana, osati manda. Ndakumba awiri kale."

"Ndiye mukumumenya kuti abereke bwino?"

"Ndikumenya chimene chili mwa iye. Munachiikamo ndinu."

"Nanga akakhala madzi a pachitsimepa?"

Anaseka, n'kuyesa chikwanje pa chikhadabo.

"Madzi timamwa tonse, mudhara. Ine msana wanga ndi wotsegula? Bweretsani pepala. La dokotala, la chidindo, lonena kuti ndi madzi. Ndikaliona ndidzagwada pamaso panu anthu akuona. Popanda pepala, wachitatuyu akafa mudzalandira mwana wanu m'wilibala."

Mwana wanga anabwerera kwa iye tsiku lomwelo. Ndinamuletsa. Anati nyumba ija anaumba njerwa zake yekha.

Pepala sindinadziwe kokalitenga. Kuchipatala anati iwo amayeza anthu, sayeza zitsime. Kunapita milungu itatu. Kenako Mulungu anabweretsa mayi wina ndi galimoto yoyera, m'nyengo yotentha mvula isanayambe. Anaima pa mjigo wa mzikiti wathu n'kumadzaza botolo. Alonda a ng'anjo anali atamuthamangitsa pageti m'mawa womwewo. Anali wa zaka ngati za mwana wanga, wa magalasi, wolankhula Chishona chosakaniza ndi Chingelezi. Anati amagwira ntchito ku labu ku Gweru, nyumba yoyezera zinthu.

Ndinamuuza za adzukulu anga awiri. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Sekuru," anatero, ponditchula agogo m'Chishona, "chimene ine ndimayeza n'chakuti kodi chinthu chimawononga majini."

Kwa ife Asilamu majini ndi mizimu.

"Inunso mayi? Munthu wophunzira? Mwana wanga alibe majini!"

Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenako anaseka mpaka anavula magalasi.

"Ali nawo, sekuru. Inunso muli nawo. Mbuzi iyo ili nawo. Si a ku mzikiti ayi."

Anandifotokozera titakhala pa simenti ya mjigo. Thupi limamangidwa ndi tizinthu tamoyo tosaoneka ndi maso, maselo. M'selo lililonse muli malangizo, ngati pulani ya nyumba. Amenewo ndiwo majini ake iye. Selo likamabereka limakopera pulaniyo kwa mwana wake. Pali mankhwala amene amalowa n'kusokoneza pulani, ndiye zobadwa zonse zimatengera cholakwacho. Iye amaweta maselo m'timbale, n'kuwamwetsa madzi, n'kuona ngati pulani yasokonezeka.

"Ndiye mungalembe pepala?"

"Ndimalemba chimene mbale zanena."

"La chidindo?"

"La chidindo."

Kumunsi sakanapitako, alonda ankaidziwa galimoto. Ine ndinati ndipita ndine, ndanyamula masampulo moyo wanga wonse. Anazengereza, kenako anavomera. Anandipatsa bokosi lozizira ndi mabotolo awiri a galasi lakuda, atawalemba kale. Limodzi la ngalande, lina la chitsime. La mjigo anali atadzaza yekha. Anati nditsukuluze botolo katatu ndi madzi a pamalopo, ndidzaze mpaka m'khosi, nditseke. Adzandidikira pamsewu wa tara dzuwa likapendeka.

Ngalande ndinaifika kudzera m'tchire. Madzi ake anali achikasu, onunkha chitsulo. Ndinadzaza. Pachitsime panalibe munthu. Ndinatunga ndi chidebe n'kuyang'anamo. Madzi mbee. Ndinalawa. Sanasiyane ndi a ku mzikiti.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Mumtima ndinati, mampara. Sampulo yotere ikafika kokayeza, shafuti imatsekedwa.

Ndinadzaza botolo n'kubisa bokosi m'udzu. Ndinabwerera kumtunda, n'kulowa pansi pa waya. M'munsi mwa phiri la phulusa, pomwe madzi amauma, pamatsala chikhungu chachikasu ngati mchere. Ndinachipala ndi mpeni n'kudzaza bokosi la machesi. Ndinaliika m'sokosi. Nditaweramuka, alonda atatu anali ataima kumbuyo kwanga ndi galu.

Sanafunse kaye. Woyamba anandimenya ndi mpini wa piki kuseri kwa mawondo. Ndinagwa. Wachiwiri anali ndi chikoti. Anandivula shati n'kuyamba kulemba pamsana. Galu anagwira mwendo wa thalauza n'kumakoka.

"Wakutuma mayi wa galimoto uja?"



"Lankhula iwe Bhurandaya! Ukufuna kutidyetsa dothi? Ng'anjo ikatsekedwa ana athu udyetsa ndiwe?"

Wamkulu wawo anandiponda pachifuwa ndi jombo. Ndinamva nthiti ziwiri zikuthyoka, ngati nkhuni zouma. Anandikokera ku ngalande n'kundiviika nkhope. Anati popeza ndikufuna madziwo ndimwe. Ndinamwa. Ananditulutsa, n'kundiviikanso. Kachitatu ndinaona mdima. Anasecha m'matumba, anapeza mpeni ndi tasibihi, mikanda yanga yopempherera. Mpeni anatenga. M'sokosi sanayang'anemo. Anandiponya kunja kwa waya.

Ndinakwawa mpaka pa bokosi lozizira lija. Ndinatsegula botolo la chitsime, n'kutsanuliramo za m'bokosi la machesi zonse. Ndinakhutchumula. Ndinadikira zidikhe. Galasi linali lakuda, kunja sikunaoneke kanthu.

Mayi uja atandiona pamsewu anagwira pakamwa.

"Mwari wangu! Sekuru, kwerani, tipite kuchipatala."

"Tengani bokosi. Madzi afunda."

"Sindikanayenera kukutumani."

"Mwandituma kale. Pitani."

Sabata isanathe kunabwera buludoza. Inakankhira dothi ndi miyala m'chitsime mpaka chinafanana ndi bwalo. Mwini ng'anjo anayamba kutumiza thanki ya madzi Lolemba ndi Lachinayi, nati ndi mphatso kwa anansi ake. Ine ndinali gone ndi nthiti zanga. Nditamva ndinaseka, ngakhale kuseka kunkapweteka. Ndinati achedwa, botolo lapita kale.

Kuyeza kunatenga nthawi. Mwezi unatha, wina n'kutha. Mimba ya mwana wanga inaonekera. Mwamuna wake anamumenyanso kamodzi, chifukwa cha ndiwo. Anamuthyola chala. Ndinapita kukamukumbutsa mwamunayo kuti pepala likubwera. Anati, "Likubwera wapansi ngati bambo anu?"

Mayi uja anaimba foni Lachitatu. Anati ndibwere ku Gweru, pali zoti tione limodzi. Ndinavala mkanjo woyera n'kukwera kombi.

M'chipinda choweteramo maselo sanandilowetse. Ndinachiona pagalasi. Anandikhazika m'chipinda china, n'kuyala timbale patebulo. Tinali tophwatalala, tooneka mkati, ndipo pansi pake panali madontho abuluu. Anati maselo akamwa madzi amawasiya abereke kwa masiku, kenako amawapatsa mankhwala opha selo lililonse labwino. Limene pulani yake yasokonezeka pa malo ena ake silifa. Limabereka mpaka kukhala dontho looneka ndi maso. Ndiye amawerenga madontho.

"Wolumala ndiye amapulumuka?"

"M'mbalemu, inde."

Anayamba ndi mbale ya madontho atatu okha.

"Iyi sinamwe kanthu. Zolakwa zina zimabwera zokha, ngakhale popanda poizoni. Tikapanda kuzidziwa tinganamizire madzi osalakwa."

Ina inali yodzaza madontho.

"Iyi tinaipatsa poizoni amene tikumudziwa bwino. Ikanakhala yoyera, ndiye kuti kuyeza kwathu kwagona tulo, zonse tikanataya."

Zimenezo ndinazimva msanga. Ku mgodi oyeza ankaika mwala wodziwika kale pakati pa masampulo, kuti aone ngati sikelo ikunama.

Za mjigo wa mzikiti zinafanana ndi mbale yosamwa kanthu. Za ngalande zinali zinayi, pamzere. Yoyamba inamwa pang'ono, yotsatira mowonjezera, mpaka yachinayi. Madontho ankachuluka motsatana, ngati makwerero.

"Mbale imodzi kudumpha si umboni," anatero. "Ndimafuna ndione kuti ndikawonjezera madzi, madontho nawonso awonjezeka. Ndimafunanso apose a mbale yosamwa kanthu mosakayikitsa, osati ndi limodzi kapena awiri." Anatsegula buku lalikulu. "Umu muli mbale zathu zosamwa kanthu za zaka zonse. Masiku ena zimakwera, ena zimatsika. Chimene sichinatuluke m'malire amenewa sindichikhulupirira. Ndipo ndimabwereza, tsiku lina, ndi maselo ena."

"Zikagwirizana zina, zina ayi?"

"Ndimalemba kuti sindikudziwa, n'kuyezanso. Anthu amadana nalo yankho limenelo. Koma ndi yankho."

"Ngalande?"

"Ngalande yakwanitsa zonse. Madzi ake amawononga pulani."

"Nanga chitsime?"

Anatulutsa mbale yoyera mbee, yopanda dontho n'limodzi lomwe.

"Chilibe kanthu?"

"Maselo onse anafa. Iyi siwerengedwa. Wakufa sabereka, ndiye sangationetse ngati mbewu yake yawonongeka. Poizoni akapha ochuluka kwambiri, mbale imakhala chete. Ndinachita kusungunula madzi anu ndi madzi oyera, kambirimbiri, kuti ena akhale moyo."

Anayala zina zinayi. Makwerero, ooneka bwino kuposa a ngalande. Anati anabwereza ndipo zinatuluka chimodzimodzi. Zinaposa mbale yosamwa kanthu, zinaposa za m'buku.

Ndinati, "Alhamdulillah." Pepala linali patebulo pomwepo, chidindo pambali pake. Ndinaliyang'ana ngati galu ayang'ana fupa.

Sanagwire cholembera. Anavula magalasi.

"Sekuru, chitsime chimamwa ku ngalande. Madzi akamadutsa m'dothi amachepa mphamvu. Nanga bwanji a chitsime aposa a ngalande kutalitali?"

"Mwina pansi pali njira ina."

"Nditatsanula botololi madzi anali achikasu, pansi pali zinyenyeswa. Ndinatumiza kwa anzanga oyeza zitsulo. Akuti munthu atamwa madzi otere masiku awiri akhoza kusanza magazi. Mwana wanu wamwa zaka zingati?"

"Zisanu."

"Anasanzapo magazi?"

Ndinayang'ana khoma. Panali kalendala ya chithunzi cha njovu.

"Ndinu bambo anga pa msinkhu," anatero, "ndiye ndifunsa kamodzi kokha. Munaikamo chiyani?"

Ndinamuuza. Za chikhungu, za bokosi la machesi, za mchere wa ku mgodi. Ndinati ndinangofuna chitsime chimveke.

Anamenya tebulo ndi chikhatho. Timbale tinadumpha.

"Miyezi iwiri! Miyezi iwiri ndikuyeza sokosi yanu!"

"Poizoni ndi yemweyo mayi. Wa phiri lomwelo."

"Sitinafunse ngati phiri lili ndi poizoni. Tinafunsa ngati wafika m'chidebe cha mwana wanu. Mwina anafika. Mbalezi zimamva ndi zochepa zomwe. Madzi oyera mbee akhoza kudzaza madontho. Mukanangowasiya!"

"Lembani basi. Adziwa ndani?"

"Ine."

"Mwamuna uja amupha mwana wanga."

Kenako analankhula motsitsa.

"Ndikupatsani nambala ya anthu othandiza amayi omenyedwa. Muchotseni m'nyumba imeneyo lero. Koma dzina langa sindiliika pansi pa bodza. Ndipatseni tsiku, ndibwera ndekha, titungenso."

"Anachikwirira."

"Liti?"

"Atandigwira pa phiri. Sabata yomweyo."

Pamenepo tonse awiri tinamva chimene ndinali nditachita. Ndikanangotunga n'kubwerera, alonda sakanandiona. Chitsime chikanakhalapo. Botolo loona linali limodzi lokha, ndipo ndinaliwononga ndi dzanja langa.

Potuluka anandiuzanso china. Anati ngakhale botolo likanakhala loona n'kudzaza madontho, pepala lake likanangonena kuti madzi amenewa amawononga maselo m'mbale. Silikanati ndiwo anapha adzukulu anga. Msana wotsegula umachitika ngakhale komwe kulibe mgodi, zifukwa zake n'zambiri. Koma likanakhala poyambira. Anandipatsa pepala la ngalande lokha.

Lachisanu titaswali ndinapita kwa mwana wanga. Dzuwa linali paliwombo. Mwamuna wake anali pakhonde, chikwanje chitatsamira khoma. Anansi atandiona ndi envulopu anayamba kusendera. Mwana wanga anatuluka atagwira m'chiuno. Mimba inali ya miyezi isanu.

"Pepala lafika?" anatero mkamwini. "Ndikonzeke kugwada?"

Ndinapatsa mwana wanga, pakuti ndiye anafika fomu foro. Anawerenga mpaka pansi n'kutembenuza kuseri.

"Baba, ili ndi la ngalande. La chitsime lili kuti?"

Ndikanatha kunama. Ndikanati likubwera. Koma ndinali nditatopa.

"Kulibe. Ndinathira mankhwala a paphiri m'botolo. Mayi uja anadziwa. Wakana kulemba."

Mkamwini anaimirira n'kutambasula manja kwa anansi.

"Mwamva? Wanena yekha! Amathira mankhwala m'mabotolo! Ine ndinkanama? Bambo mfiti, mwana mfiti!"

Anamugwira mwana wanga tsitsi n'kumukokera pansi. Anagwa ndi mawondo. Mwamunayo anakweza phazi kulunjika pamimba.

Pafupi ndi chitseko panali mgwala, chitsulo chachitali chogumulira miyala. Ndachigwira zaka makumi atatu. Sindikumbuka kuchitola. Ndikumbuka kulira kwake pa mwendo umene anaimira. Fupa linatulukira pa thalauza. Anagwera pakhoma, dzanja n'kupeza chikwanje. Ndinaweramira mwana wanga kuti ndimukoke, mkamwini n'kugwetsa chikwanjecho. Ndinatchinga ndi dzanja lamanzere. Zala ziwiri zinagwera m'fumbi. Nkhuku inathamangira chimodzi.

Ndinamumenyanso pa mkono. Chikwanje chinagwa. Ndinakweza mgwala kachitatu, pamutu. Mwana wanga anandigwira mwendo.

"Baba! Zvakwana! Basi!"

Ndinatsitsa. Magazi anga ndi ake anali atasakanikirana pakhonde. Anansi anatitengera kuchipatala pa lole imodzi, iye akukuwa, ine chete. Apolisi anabwera. Anansi ananena zimene anaona. Ndinagona m'chitokosi masiku angapo, kenako khoti linandipatsa chilango chogwira ntchito pa sukulu ya boma, kusesa ndi kutchetcha. Mkamwini amatsimphina mpaka lero. Ukwati unathera pomwepo.

Mwana wanga anapita ku Mambo, ku Gweru, kwa mlongo wanga. Kumeneko anabereka mwana wamkazi, wamoyo, msana wotseka. Anthu a kumzikiti anati waona, anali madzi. Akuchimuna anati chiwanda chakhuta. Ine sindinavomereze aliyense. Mwana mmodzi ndi mbale imodzi.

Mwana wanga sanandiitane. Mlongo wanga ndiye anandiimbira mwanayo atakwana miyezi itatu. Ndinapita Loweruka m'mawa, nditagula sopo ndi shuga. Mwana wanga ndinamupeza kuseri kwa nyumba akuchapa matewera pampope. Anandipatsa mpando. Anandipatsa moni wonse, mwaulemu, ngati mlendo. Mwana anali kumsana. Sanamumasule.

Anachapa mpaka anamaliza. Kenako anakhala pansi pa mkeka n'kupukuta manja.

"Baba, ndifunse?"

"Funsa."

"Munathiramo chifukwa chiyani?"

"Madzi anali oyera. Ndinaopa kuti sapeza kanthu."

"Mayi uja anakuuzani kuti madzi oyera sakhala ndi kanthu?"

"Ayi."

"Ndiye munaganiza nokha kuti chitsime chilibe mlandu."

"Ndinafuna kukupulumutsa."

"Ndikudziwa. Zala zanu ndikuziona." Anayang'ana dzanja langa, kenako nkhope yanga. "Koma mverani. Apongozi anga ankati ndine. Mwamuna wanga ankati ndine. Ine ndinkapirira chifukwa ndinkati bambo anga akudziwa kuti si ine. Inu munaima pachitsime, n'kuyang'ana madzi, n'kuti amenewa alibe mlandu. Ndiye mlandu munausiyira ndani?"

Ndinafufuza mumtima ngati munthu afufuza m'thumba lobooka. Chimene ndinapeza sichinali chomuuza mwana. Agogo ake aakazi, mayi anga, anaika ana anayi ku komboni ndisanabadwe ine. Sitinkazinena. Tsiku lija pachitsime ndinawakumbukira.

"Agogo ako anataya anayi," ndinatero. "Sindinakuuzepo."

Pampope madzi ankadontha m'beseni.

"Anali otsegula msana?"

"Sindikudziwa. Sindinafunse. Amene akanadziwa anafa onse."

"Ndiye sitidzadziwa."

"Sitidzadziwa."

Anagwedeza mutu. Anamasula nsalu, n'kumutsitsa mwana kumsana, n'kuyamba kumuyamwitsa atatembenukira kukhoma. Mlongo wanga anabwera ndi tiyi. Ndinamwa. Kombi yomaliza ya ku Lalapanzi imanyamuka dzuwa lisanalowe, ndiye ndinatsanzika. Anandiperekeza mpaka pageti, mwana ali m'manja.

"Mudzabwerenso akayamba kukhala pansi," anatero. "Lero ayi, Baba. Lero sindikupatsani mwana."